Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zantchito: za thumba la makilogalamu 50 ndi misana ya anthu a ku Mitundu ndi Nathenje

Olemekezeka a Nduna,

Wolemba kalatayi akupempha kuti tsiku lina mvula yoyamba isanagwe, a Nduna adzatsike ku Capital Hill, adzalowe msewu wa ku Bunda mpaka pa Mitundu, n'kukaima pamene lole ya feteleza ikutsitsa katundu. Sipakufunika tenti, zokuzira mawu kapena magule. Chongofunika ndi kuima pambali kwa ola limodzi n'kumawerenga.

Lole ya matani 30 imanyamula matumba 600. Anyamata otsitsa akakhala 6, aliyense adutsitsa pakhosi pake matumba 100, omwe ndi matani 5, dzuwa lisanapendeke. Mmodzi amaima pamwamba pa lole n'kumagwetsera thumba paphewa pa mnzake amene ali pansi. Wapansiyo amalilandira ndi khosi, mawondo n'kugwedera, kenaka amathamanga nalo kulowa m'sitolo, n'kukaliponya pamulu umene pofika masana umakhala utaposa mutu wake. Amathamanga chifukwa malipiro ake ndi a pathumba. Woyenda pang'onopang'ono, wopumira, kapena wopempha mnzake kuti agwirizane thumba limodzi, apita kwawo ndi ndalama zochepa, ndipo mawa kapitawo sadzamuitananso.

Madzulo anyamata omwewa amapezeka pagolosale akugula indosidi kapena bufeni, awiriawiri, kuti agone. Mankhwalawa akamwedwa tsiku ndi tsiku, makamaka m'mimba mulibe kanthu, amayambitsa zilonda za m'mimba ndipo amawononga impso, koma wogulitsa sanena ndipo wogula safunsa. Pakapita zaka, munthu uja amayamba kudzuka chogwirira khoma. Amati msana wandigwira, chiuno chikuphwanya, mwendo wachita dzanzi. Anzake amati wakalamba msanga, ena amati ndi nyamakazi ya kumtundu, ena amayamba kuloza chala kwa achibale. Chimene wolembayu akufuna kuti a Nduna amve ndi chakuti munthuyu wavulala pa ntchito, mofanana ndi amene wadulidwa chala ndi makina ku Kanengo. Kusiyana kwake n'kwakuti bala lake silinatuluke magazi, ndipo linabwera pang'onopang'ono moti palibe tsiku limene angaloze kuti ndi limene anavulala.

Msana wa munthu ndi timafupa tosanjikizana, ndipo pakati pa fupa ndi fupa pali kaphaphatizi kofewa kokhala ngati nkhata, kamene kamalandira kulemera. Munthu akanyamula katundu ali chilili, katunduyo atakhudza thupi, kulemera kumatsika bwino mpaka kumiyendo. Akawerama n'kutola thumba lili patali ndi mapazi, minofu ya kumsana imayenera kukoka mwamphamvu kuposa kulemera kwa thumbalo kangapo, monga momwe ndowa yodzaza imalemerera kwambiri ukaigwira mkono uli chotambasula. Yambiri mwa mphamvuyo imathera pa tinkhata tiwiri ta m'munsi, cha m'chiuno. Akawonjezera kupotoloka thupi thumba lili m'manja, monga amachitira aliyense wosanja mulu, kankhata kaja kamayamba kung'aluka m'mbali. Tsiku lina kamatuluka malo ake n'kupanikiza mtsempha wopita kumwendo, ndipo ululu umatsika kuchokera m'thako mpaka kuchala chakuphazi.

Akatswiri anayeza kale malire a zimenezi. Bungwe la boma la America loona za umoyo wa antchito, la NIOSH, linakonzanso mawerengedwe ake mu 1991 n'kupeza kuti ngakhale zonse zili bwino, katundu ali pafupi ndi thupi, pa msinkhu woyenera, wogwirika bwino, wosanyamulidwa pafupipafupi, malire ake ndi makilogalamu 23. Zinthu zikamaipa, malirewo amatsikanso. Ku Britain malangizo a boma amaika makilogalamu 25 kwa mwamuna ndi 16 kwa mkazi, katundu atamugwirira m'chiuno. N'chifukwa chake m'maiko ambiri a ku Ulaya simenti imagulitsidwa m'matumba a makilogalamu 25. Wina akhoza kukumbutsa a Nduna kuti bungwe la zantchito padziko lonse la ILO linalangiza mu 1967 kuti mwamuna wamkulu asanyamule yekha katundu woposa makilogalamu 55, ndiye kuti thumba lathu lili m'malire. Koma chiwerengero chimenecho ndi cha zaka zoposa 50 zapitazo, ndipo sichinanene kuti munthu anyamule thumba lotero maulendo 100 pa tsiku ali chothamanga.

Chowawa n'chakuti pa msika wa Mitundu kapena wa Nathenje, thumba la makilogalamu 50 lili m'gulu la akatundu opepukirako. Thumba la mbatata kapena kachewere amalisokerera mutu wina pamwamba mpaka kutalika ngati munthu, chifukwa wogula amagula pathumba, osati pasikelo. Belo la fodya likatuluka pa jeke limayandikira makilogalamu 100, ndipo lisanafike ku okushoni ku Kanengo limakhala litakwezedwa pangolo, kutsitsidwa, kukwezedwanso palole, zonsezo ndi manja. Ndipo aliyense amene wadutsa msewu wa ku Bunda m'bandakucha anawaona amuna ochokera kumbali ya Dzalanyama akukankha njinga zosanjikizidwa nkhuni kapena makala kuposa mitu yawo, thupi lonse litapendekera mbali imodzi kwa maola ambiri mpaka m'tauni. Nkhani ya kutha kwa nkhalangoyo ili ndi eni ake oikamba. Ya misana ya anthu amenewa ilibe.

Dziko la Kenya linakumana ndi vuto la matumba osokerera omwewa. Mu 2019 linakhazikitsa malamulo oti thumba la kachewere lisapitirire makilogalamu 50. Cholinga chachikulu chinali kuteteza alimi kwa mavenda owabera, ndipo kulitsatitsa kwakhala kovuta, koma lamulo lomwelo limapeputsanso katundu wa wonyamula. Apa mlimi ndi waganyu ali mbali imodzi, ndipo si kawirikawiri zinthu kukhala choncho.

A Nduna sakupemphedwa kuyamba pa mchenga. Dziko lino lili ndi lamulo la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pa ntchito la mu 1997, limene limapatsa wolemba ntchito udindo woonetsetsa kuti antchito ake sakuvulala. Mu Novembala 2019 Malawi anavomereza mapangano atatu a ILO a nkhani yomweyi, a nambala 155, 184 ndi 187. Pangano la 184 ndi la ntchito zaulimi, ndipo limanena poyera kuti wantchito asauzidwe, ngakhale kuloledwa, kunyamula katundu amene kulemera kwake kungaike umoyo wake pachiswe. Limanenanso kuti antchito apanyengo ndi osakhazikika atetezedwe mofanana ndi okhazikika. Zoona, panganoli silikhudza mlimi wolima munda wake kuti adye. Koma waganyu wa pa esiteti, wosankha fodya wolembedwa kwa miyezi itatu, wothirira kudimba la mwini wake, onsewa ali mkati. Dziko linalonjeza pamaso pa maiko anzake, ndipo wolembayu akufunsa kuti lonjezolo lifike kuno kumwera kwa mzinda wa Lilongwe.

Vuto ndi lakuti lamulo la 1997 linalembedwa maso ali pa fakitale. Limafuna, mwachitsanzo, kuti malo antchito okhala ndi anthu oposa 50 akhale ndi komiti yoona za chitetezo. Pa Mitundu ndi pa Nathenje olemba ntchito ambiri ali ndi anthu atatu, asanu, khumi. Mwini chigayo, mwini sitolo yazipangizo zaulimi, mwini uvuni wa njerwa, wogula soya ndi mtedza pasikelo. Antchito awo alibe kalata, alibe bungwe lowalankhulira, ndipo ambiri sadzitcha n'komwe antchito. Amangoti ndili pa ganyu. Woyendera malo antchito wochokera ku unduna, ngakhale atakhala wakhama chotani, sangafike pa sitolo iliyonse.

N'chifukwa chake wolembayu akuona kuti pofunika kuyambira ndi pa thumba penipenipo, chifukwa thumba limafika kumene woyendera safika. Kuyambira 2005 boma lakhala likugula ndi kugawa feteleza wotsika mtengo chaka ndi chaka, ndipo kudzera m'mabungwe ake limagula ndi kusunga chimanga chambiri. Palibe wogula wina m'dziko muno amene mawu ake angamveke kwa olongedza katundu kuposa boma. A Nduna atakhala pansi ndi anzawo a ku unduna wa zamalimidwe komanso a Malawi Bureau of Standards, akhoza kugwirizana kuti gawo la feteleza wa boma lizibwera m'matumba a makilogalamu 25, poyambira pa madepoti ochepa ngati a kuno, kuti aone mmene ziyendere. Mtengo wa matumba ukwerako, zimenezo n'zosabisa. Koma a Nduna akumbukirenso amene amalandira thumbalo kumapeto kwake. Kawirikawiri ndi mayi, nthawi zina gogo, amene amalisenza pamutu kuchoka pa depoti mpaka kumudzi, kapena kudula ndalama ya ndiwo kuti alipire kabaza.

Pali msampha umodzi umene uyenera kupewedwa. Thumba likachepa koma malipiro n'kukhalabe a pathumba pa mtengo wotsitsidwa mopitirira theka, anyamata aja adzakhala oyamba kukana kusinthako, ndipo adzakhala akulondola. Ena adzayamba kusenza awiriawiri kuti apeze ndalama yakale. Choncho malipiro a otsitsa katundu awerengedwe pa tani, ndipo pa depoti iliyonse imene ikugwira ntchito ya boma pakhale wilibala kapena kangolo kokankha, thabwa lolimba lotsetsereka kuchoka palole, ndi malire a kutalika kwa mulu kuti munthu asamaponye thumba pamwamba pa mutu wake. Zimenezi zikhoza kulembedwa mu mgwirizano wa boma ndi wogulitsa popanda kudikira Nyumba ya Malamulo.

Nkhani ya khasu ndi yovutirapo, ndipo wolembayu sakufuna kuipeputsa. Alangizi amati mizere italikirane masentimita 75. Pa hekitala imodzi imeneyo ndi mizere 133 ya mamita 100, kutanthauza mtunda woposa makilomita 13 umene munthu amauyenda chowerama, akutukula dothi. Akatha kuunga mizere amabwereranso kudzabzala, kudzapalira, kudzathira feteleza, kudzabandira. Ku California, ku America, antchito a m'minda ya ndiwo zamasamba ankakakamizidwa kugwiritsa ntchito kakhasu ka mpini waufupi kwambiri, chifukwa kapitawo ankaona msanga amene waweramuka. Antchitowo ndi maloya awo anakamenyera nkhondo mpaka kubwalo lalikulu la milandu la chigawocho, madokotala anachitira umboni za misana yowonongeka, ndipo mu 1975 kakhasuko kanaletsedwa. Minda sinagwe.

Khasu la kuno si lofanana ndi limenelo, ndipo mlimi wa ku Mitundu ali ndi zifukwa zake zomveka zokondera mpini waufupi. Mpini wautali suutsa bwino dothi louma la mwezi wa Okutobala, ndipo umathyoka msanga. Koma palinso china. Kafukufuku amene mabungwe a IFAD ndi FAO anatulutsa mu 1998, wochitika m'maiko asanu a mu Africa kuphatikizapo Zambia ndi Zimbabwe, anapeza kuti m'madera ambiri munthu wolima ali chilili amatengedwa ngati waulesi, makamaka akakhala mkazi. Maganizo amenewa ndi odziwika kunonso. Mtengwa amayesedwa ndi mmene akuweramira. Choncho mayi wamtali ndi mwana wa zaka 14 amagwira mpini wofanana, ndipo khasu lomwelo lolemera loungira mizere ndi limene amapalirira udzu wanthete umene ukanatheka ndi chida chopepuka. Pamtunda wochepa chabe kuchoka pa msika wa Mitundu pali koleji ya Bunda, ya yunivesite ya LUANAR, yomwe ili ndi dipatimenti ya zomangamanga ndi makina aulimi. Unduna wa Zantchito utapempha, ophunzira a kumeneko akhoza kuyeza alimi a m'midzi yozungulira, kuyesa nawo mipini ya utali wosiyanasiyana pa ntchito zosiyanasiyana, n'kupereka zotsatira kwa osula ndi osema mipini a pamsika, amene ndiwo adzasinthe khasu ngati lidzasinthe.

M'chigafa namo muli zake. Kusoka ndi kusankha fodya ndi ntchito ya masabata ambiri, ndipo ambiri amaigwira atakhala pansi, miyendo chotambalala, khosi chozyolika kuyambira m'mawa mpaka kuwala kutatha. Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti mu 2021, ndipo linali tsiku lalikulu. Koma amene kale anali tenanti ndipo lero ndi wantchito wolipidwa akukhalabe pansi pomwepo. Tebulo lansungwi lofika m'chiuno ndi benchi sizifuna ndalama zakunja. Makampani amene amalimitsa fodya pa mgwirizano ali ndi alangizi awo amene amafika pa chigafa chilichonse kudzaona masamba, ndipo akhoza kuuzidwa kuti aziona ndi pokhala pa wosankhayo.

Ena angotchulidwa mwachidule, ngakhale ululu wawo si wachidule. Amayi oswa miyala m'mbali mwa msewu wa M1, atakhala pa mulu tsiku lonse, dzanja limodzi likumenya ndi hamala kambirimbiri mpaka chigongono kutupa. Oumba njerwa othamanga ndi chikombole chodzaza matope. Atelala a pakhonde okhala pa mpando wopanda choyedzamira. Anamwino ndi osamalira odwala pa chipatala cha Mitundu ndi zipatala zing'onozing'ono, amene amatukula munthu wamkulu kuchoka pa machira ndi mphamvu za manja awo. Ndi atsikana antchito zapakhomo amene chigubu cha malita 20, chomwe ndi makilogalamu 20, amachisenza kangapo pa tsiku kuchokera kumjigo mwana ali kumbuyo.

Mu 1700 dokotala wa ku Italy, Bernardino Ramazzini, analemba buku la matenda a anthu antchito zamanja, ndipo analangiza madokotala anzake kuti pa mafunso onse amene amafunsa wodwala awonjezerepo limodzi, lofuna kudziwa ntchito imene munthuyo amagwira. Papita zaka zoposa 300, koma funsoli likadali lofunika pa mzere wa odwala pa Nathenje. Wodwala msana akalandira panado n'kubwerera ku lole yomweyo, adzabweranso mwezi wamawa. Ntchito yake italembedwa m'buku lake la kuchipatala ndi m'kaundula, pakutha pa chaka a Nduna akanakhala ndi chiwerengero chawochawo cha ku Lilongwe, chosonyeza ntchito zimene zikupundula anthu. Padziko lonse chithunzi chilipo kale. Bungwe la zaumoyo la WHO limati mu 2020 anthu 619 miliyoni ankavutika ndi kupweteka kwa msana wam'munsi, kuti ndi vuto limene limalepheretsa anthu ntchito kuposa lina lililonse, ndipo kuti pofika 2050 adzakhala 843 miliyoni, kukwera kwakukulu kukuyembekezeka ku Africa ndi ku Asia. Ku Kamuzu Central kuli tsopano chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION, ndipo dziko lino likuphunzitsa lokha akatswiri a mafizo. Ndi zonyaditsa. Koma chipatala chimenecho chili kale ndi ovulala pa ngozi zapamsewu odzaza mabedi, ndipo wosenza matumba wa pa Mitundu akamafika kumeneko ndiye kuti zinthu zaipa kale.

Pa chipukuta misozi pakufunika kulankhula mosapsatira. Lamulo la mu 2000 limapereka chipepeso kwa wovulala pa ntchito ndi kwa wodwala matenda obwera ndi ntchito. Wothyoka mwendo pogwa palole ali ndi tsiku, mboni ndi chithunzi cha kuchipatala. Wothyoka msana pang'onopang'ono kwa zaka khumi, kwa mabwana osiyanasiyana, alibe poyambira, ndipo bwana womaliza adzanena kuti anabwera ali wodwala kale. Mu 2010 ILO inakonzanso mndandanda wa matenda obwera ndi ntchito n'kuikamo matenda a minofu, mitsempha ndi mfundo, monga kutupa kwa mitsempha ya m'manja chifukwa cha ntchito yobwerezabwereza, kutupa kwa chigongono, ndi kuwonongeka kwa mawondo chifukwa chogwada kapena kunjuta nthawi yaitali. Wolembayu akupempha kuti mndandanda wa dziko lino uunikidwe potsatira umenewo, komanso kuti thumba la ndalama za chipepeso limene lamulo la 2000 linalonjeza ligwire ntchito mokwanira. Pokhapokha olemba ntchito onse akamasonkha pamodzi m'pamene munthu wovulala kwa mabwana asanu angapeze pokadandaula.

Pomaliza pali njira ina imene inayesedwa kale kwa alimi osauka ngati a kuno. M'zaka za m'ma 1990, m'chigawo cha Can Tho ku Vietnam, munayamba ndondomeko yotchedwa WIND, imene pambuyo pake ILO inaifalitsa m'maiko ambiri. Alimi amayenderana m'minda ndi m'makomo ali ndi pepala la zithunzi, n'kumaona zimene mnansi wawo wachita kale kuti ntchito ipepuke: kusalaza kanjira kuti wilibala idutse, kuika chogwirira pa dengu, kukweza pophikira, kugawa katundu pawiri. Aliyense amasankha chimodzi choti akasinthe kwawo ndi zimene ali nazo. Mu 2012 ILO inatulutsanso buku la zithunzi la malangizo otere a ntchito zaulimi. Pa Nathenje pali malo ophunzitsira alimi ndi alangizi a boma. Bukulo litamasuliridwa m'Chichewa, zithunzi zake n'kukhala za ngolo, chigafa ndi dimba, alangizi ndi alimi otsogola akhoza kulitenga pa maulendo amene amayenda kale.

Chaka chilichonse pa 28 Epulo dziko lapansi limakumbukira za chitetezo ndi umoyo pa ntchito, ndipo imeneyo ndi nyengo imene mabelo amakhala ali pamsewu, soya ndi chimanga zikuyamba kulowa pamsika. Wolembayu akupempha kuti mwambo wa chaka chikubwerachi udzachitikire pa msika wa Mitundu, pa tsiku la msika, ndipo a unduna adzabwere ndi sikelo. Adzayeze thumba la mbatata, belo la fodya ndi njinga ya nkhuni pamaso pa anthu, adzalembe manambalawo, ndipo adzafunse anyamata otsitsa katundu kuti ndi angati mwa amene anayamba nawo ntchitoyi amene akuigwirabe.

Mwaulemu waukulu,

Mlembi wa kumwera kwa Lilongwe